Zolemba za ntchito yokonza ndodo za gofu ku Mangochi: kulemera kwa mutu ndi kulemera kwa ndodo yonse

Kumayambiriro kwa Seputembala

Ndodo za gofu zimene tinalonjezedwa zija zafika zonse, ndipo ndazitsuka n'kuzindandalika pakhonde. Ndi za kaunjika ndithu. Zina anasiya alendo obwera kudzapuma kunyanja kuno, zina anatumiza anzathu a ku Blantyre ndi ku Zomba atagula zatsopano. Palibe seti yathunthu ngakhale imodzi. Ma 7-iron alipo angapo koma 8-iron ndi imodzi yokha (ma iron ndi ndodo za mutu wachitsulo zodziwika ndi manambala; nambala ikamakwera, ndodo imafupika), zilipo za shafti (mpini wa ndodo) yachitsulo ndi za graphite, imene ndi yopepuka kuposa chitsulo, zazitali ndi zazifupi. Zimene dzimbiri ladya mpaka kuboola timaenje ndaziika pambali, chifukwa shafti yotero imathyoka munthu ali pakati pomenya, mutu n'kuuluka kosadziwika.

Ndikukonzera anthu awiri. Woyamba ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa kusekondale, wamfupi ndi wochepa thupi, amene gofu wamulowa m'magazi chaka chino. Wachiwiri ndi madala ena amene ananyamula zikwama za osewera kwa zaka zambiri kumabwalo a m'tauni, ndipo tsopano anabwerera kwawo kuno. Manja awo ndi ankhongono, ndipo pomenya sachedwa. Cholinga ndi chakuti onse awiri akhale ndi ndodo zowayenera zoti akasewerere pa bwalo la mabowo 9 la ku Makokola. Malamulo amalola ndodo 14 m'chikwama, koma kwa mtsikanayu ndodo zochepa zogwirizana bwino zimukwanira.

Ndisanadule kanthu kalikonse, ndodo iliyonse iyezedwa zinthu zitatu: kutalika, kulemera kwake konse, ndi swingweight, kutanthauza mmene mutu umamvekera kulemera ukagwira ndodo kumapeto.

Sabata yachiwiri ya Seputembala

Sikelo yeniyeni ya swingweight ndilibe, koma ntchito siyima chifukwa cha chimenecho. Sikeloyo anaiyambitsa Robert Adams wa ku Massachusetts m'zaka za m'ma 1930, ndipo chimene imachita n'chosavuta kumva. Imatsamiritsa ndodo pa mainchi 14 kuchokera kumapeto kwa giripi (chogwirira cha ndodo), n'kuyeza mphamvu imene mbali ya kumutu ikukokera pansi. Yankho limabwera m'chilembo ndi nambala: C7, C8, C9, kenako D0, D1, kumangokwera choncho. Ndodo zambiri za abambo zochokera kufakitale zimakhala pakati pa D0 ndi D2, za amayi cha ku C5 mpaka C7. Pambuyo pake Kenneth Smith wa ku Kansas City anatulutsa ina yotsamira pa mainchi 12, koma imene inakhazikika m'mashopu ndi ya 14 ija.

Popeza ndi masamu chabe, ndikuwerengetsa ndekha. Zida zanga ndi kasikelo ka m'khitchini koyeza mpaka galamu imodzi, tepi ya kalipentala, ndi kachidutswa ka angle iron kamene ndakayika patebulo msana wake uli m'mwamba. Ndodo ndimaigoneka pamsanapo n'kumaisuntha pang'onopang'ono mpaka itakhazikika osapendekera uku kapena uku, ndipo pamenepo ndimalemba ndi pensulo. Kenako ndimayeza kuchokera kumapeto kwa giripi kufika pa chizindikirocho, kuchotsera 14, n'kuchulukitsa ndi magalamu a ndodo yonse. Yankho likakhala cha m'ma 6050, imeneyo ndi D0. Pointi iliyonse, monga kuchoka pa D0 kufika pa D1, ndi pafupifupi 50, kotero D2 ili cha m'ma 6150, C5 cha m'ma 5800.

Apa pafunika diso. Pa ndodo ya magalamu opitirira 400, kuphonya chizindikiro ndi mamilimita atatu okha kumasuntha yankho ndi pointi yathunthu. Pakhonde mphepo ya kunyanja imagwedeza ndodo, choncho zoyezayeza zonse zasamukira m'nyumba, zitseko zotseka.

Ma 7-iron awiri ndi amene atsegula nkhani yonse. Yoyamba ndi ya shafti yachitsulo, mainchi 37, magalamu 438, imakhazikika pa mainchi 28. Ukachulukitsa 438 ndi 14 ukupeza 6132, pafupi kwambiri ndi D2. Yachiwiri ndi ya graphite, yotalikirapo ndi theka la inchi, magalamu 385, imakhazikika pa mainchi 30. Ukachulukitsa 385 ndi 16 ukupeza 6160, nayonso D2. Papepala ndi ndodo zofanana. M'manja zikusiyana ndi magalamu 53, ndipo aliyense amene ndam'gwiritsa wazindikira nthawi yomweyo.

Madala aja atamva ndikufotokoza anandidula pakamwa: "Achimwene, zimenezo ndi za khasu. Ukaligwira kumapeto kwa mpini limakulemera, ukaligwira pafupi ndi chitsulo limapepuka, koma ukalisenza paphewa kupita kumunda ndi khasu lomwelo." Sindinawonjezerepo kanthu. Swingweight ikunena za mmene mutu ukumvekera ukagwira kumapeto. Kulemera konse kukunena za katundu amene thupi likunyamula, kuzunguza ndi kuimitsa, bowo loyamba mpaka lomaliza. Munthu akangondiuza kuti ndodo zake ndi D2, sanandiuze theka la nkhani.

Kumapeto kwa Seputembala

Kuyeza kwatha. Mu buku muli mzere wa ndodo iliyonse, ndipo zambiri sizikudabwitsa: driver (ndodo yaitali yomenyera kutali) ili cha m'ma 310 magalamu, za shafti yachitsulo zonse zili pamwamba pa 420, ma wedge (ndodo zazifupi zomenyera pafupi) ndi amene alemera koposa.

Imodzi yokha ndi imene yandichititsa chidwi, 6-iron yakale imene mwini wake anaikonda zedi. Giripi itauma ndi kusweka chifukwa cha dzuwa, anaikulunga ndi malegeni, mizere pamwamba pa mizere, n'kumanga bwinobwino kumapeto ndi ulusi wa ukonde. Ntchito yaluso, ndipo m'manja siterera. Masamu anati ndodoyi ndi C6, kutanthauza yopepuka kumutu, yoyenera amayi. Koma sikelo inati ndi imodzi mwa zolemera kwambiri pagulu lonse. Nditasenda malegeni onse pamodzi ndi giripi yakaleyo n'kuziyika pasikelo, zinakwana magalamu 78, pamene giripi wamba imakhala cha m'ma 50. Magalamu asanu alionse owonjezera kugiripi amatsitsa swingweight ndi pointi imodzi, chifukwa ali kuseri kwa potsamira paja. Ndiye kuti ndodo inalemera, nambala n'kumanena kuti yapepuka. Ndikanangodalira chilembo ndi nambala, ndodo imeneyi ikanapita kwa mtsikana.

Kuyika dala zolemera pansi pa giripi si zachilendo, alipo osewera amene zimawathandiza kuti manja asathamange. Koma zimenezo munthu amachita akudziwa chimene akufuna, ataona kuti thupi lake likwanitsa katunduyo.

Sabata yoyamba ya Okutobala

Tayamba za mtsikana. Atayima mmene amayimira pomenya, manja atalendewera momasuka, 7-iron yomuyenera ikutuluka mainchi 35 ndi theka. Ndinayamba ndi yachitsulo ija poti zilipo zambiri. Ndinadula inchi ndi theka kumbali ya giripi, osati kumutu, chifukwa kudula kumutu kumaumitsa shafti kwambiri.

Okonza ndodo amati theka la inchi lililonse limachotsa mapointi atatu, kotero ndimayembekezera asanu ndi anayi. Poyeza, ndodo inatsala magalamu 433, kukhazikika pa mainchi 27, yankho 5629. Imeneyo ili pakati pa C1 ndi C2, kutsika mapointi pafupifupi khumi.

Pano ndi pamene ndinatsutsana ndi mnzanga wina wa ku Blantyre amene amakonzanso ndodo. Pa foni anandiuza kuti ndingomata mtovu kumutu mpaka ibwerere pa D2, chifukwa ndi mmene fakitale inaipangira. Ndinakana, ndipo chifukwa chake ndichilembe bwino kuti amene adzapitirize ntchitoyi adzachione. Paja amati magalamu awiri kumutu ndi pointi imodzi. Zimenezo n'zoona pakatikati, koma pa ndodo yaifupi ngati iyi mutu uli mainchi 21 okha kuchokera potsamira, choncho galamu iliyonse ikuwonjezera 21, ndipo pointi imodzi ikufuna pafupifupi magalamu awiri ndi theka. Kuti ifike pa D2 pafunika magalamu 25. Ndodo ikanakhala 458, yolemera kuposa mmene inalili m'manja mwa bambo wamkulu amene anaigula. Mwana wochepa thupi apatsidwe ndodo yolemera kuposa ya bambo, chonsecho kuti nambala ioneke bwino m'buku? D2 ija inali ya munthu wina, pa kutalika kwina.

Zimandiwawa ndikaona ana akusewera ndi ndodo zodulidwa chonchi. Mwana sadandaula, amangopeza njira yoinyamulira. Amaikoka ndi mapewa, amagwera kumbuyo, amaiponya kuchokera pamwamba. Pakapita chaka, kamenyedwe kokhotako kakhazikika, ndipo aphunzitsi amayamba kulimbana ndi mwana pamene vuto linali m'chikwama.

Tinaiyesabe yachitsuloyo mmene ilili, yopanda mtovu, pa bwalo la mpira madzulo. Mipira yoyamba inapita bwino. Patapita kanthawi ndodo inayamba kugunda dothi isanafike pa mpira, ndipo iye anayima n'kunena kuti, "Amalume, mutu wake sindikuumva, koma mikono yatopa." Ziwiri zonsezo pakamodzi: swingweight yatsika, kulemera konse kukadali kwakukulu. Mtovu ukanachiza choyambacho n'kukulitsa chachiwiricho.

Pakati pa Okutobala

Kwatentha zedi. Tikumayesa m'mawa dzuwa lisanakwere kapena likapendeka, ndipo kutentha komweku kukutithandiza kuona msanga ndodo imene ikutopetsa munthu.

Ndatembenukira ku 7-iron ya graphite. Kudula graphite kumafuna ulemu: ndimakulunga tepi pamalo podula kuti ulusi wake usamasuke, ndimagwiritsa ntchito sowo ya mano ang'onoang'ono, ndipo fumbi lake si lopuma, pamafunika kansalu kumphuno. Ndachotsa mainchi awiri. Ndaikaponso giripi yopyapyala ya magalamu 40, yoyenera manja ake, imene mwa iyo yokha yabweza mapointi awiri popanda kuwonjezera katundu. Zotsatira: magalamu 371, kukhazikika pa mainchi 29 ndi kota, yankho 5658, imene ndi C2.

Taonani, C2 yomweyo ngati yachitsulo ija, koma yopepuka ndi magalamu 62. Tsopano mpata wowonjezera kumutu ulipo.

Mmene tikuyesera ndi motere. Pankhope ya ndodo ndimamata tepi yapepala, ndipo mpira ukagunda umasiya chidindo. Amenya mipira ingapo, ndichotsa tepiyo n'kuimata m'buku, ndiwonjezera mtovu pang'ono kuseri kwa mutu iye atatembenuka, ndimata tepi ina. Sindimuuza ngati ndawonjezera kapena ndachotsa, chifukwa munthu akadziwa amayankha zokondweretsa amalume ake. Tepi ya mtovu ndinapeza pang'ono kwa mnzanga wa ku Blantyre yemwe uja. Chidutswa chilichonse ndimachiyeza pasikelo ndisanamate, chifukwa matepi amasiyana kukhuthala.

Popanda mtovu, zidindo zinabalalika nkhope yonse, china kuchala, china kuchidendene, china m'mwamba. Amathamanga potsitsa ndodo ngati akuopa kuti imuthawa. Titafika magalamu anayi, kuthamanga kuja kunachepa. Pa magalamu asanu ndi awiri zidindo zinaunjikana pakati, malo osaposa ndalama yachitsulo, ndipo kulira kwa mpira kunasintha moti madala aja, amene anakhala pamthunzi kumbuyo kwathu, anadzutsa mutu. Ndinapitirirabe mpaka magalamu 12 kuti ndione malire. Pamenepo mipira inayamba kuthawira kumanja, nkhope ikufika mochedwa, ndipo kugunda dothi kuja kunabwerera. Tinabwerera pa asanu ndi awiri.

Choncho 7-iron yake yakhazikika pa magalamu 378 ndi C5. Ikusiyana ndi ya D2 yachitsulo ija, imene tikanapanga, ndi magalamu 80. Kuti C5 ikugwera pamene pamakhala ndodo za amayi za kufakitale n'zongokumana. Tinafikapo potsatira zidindo, ndipo zikanatilozera C3 kapena C8 tikanapita komweko.

Za mtovu: iye saugwira, ndimamata ndine, ndipo ndimasamba m'manja ndisanakhudze chakudya. Zidutswa zotsala zili m'kabotolo kotseka, kutali ndi ana. Ndamuuzanso lamulo kuti alidziwiretu: mtovu womata mpikisano usanayambe ndi wololedwa, koma kuwonjezera kapena kuchotsa dala uli pakati pa masewero n'koletsedwa.

Kumapeto kwa Okutobala

Za madala zapita njira ina, ndipo ndasangalala kuti zatero, chifukwa ndikanangolemba za mtsikana wina akanaganiza kuti ndikulalikira ndodo zopepuka.

Iwo eni anapempha graphite. Anati zaka zapita, ndipo anaona mabwana ambiri akusinthira ku graphite atakula. Ndinawapatsa 5-iron ya graphite imene inalipo, D1, yosafika magalamu 380. Mipira inangokhotera kumanzere, ina yokwawa, ndipo zidindo zinali mbwee. Manja awo ndi achangu, ndipo ndodo yopepuka imafika pa mpira thupi lisanatembenuke. Ndinawonjezera mtovu kumutu mpaka D4 kuti ndione ngati ungawachedwetse. Zinasintha pang'ono chabe, ndipo anati mutu ukulendewera ngati si wa ndodo yomweyo.

Kenako ndinawapatsa 5-iron yachitsulo ya D1 yomweyo, shafti yake ya True Temper Dynamic Gold, imene isanadulidwe imalemera cha m'ma 130 magalamu. Ndodo yonse 425. Sanachedwe kuyankha. Zidindo zinabwera pakati, mpira unawongoka, ndipo anamaliza atayima chilili osadzandira. "Iyi ndiye ikundiuza pamene ili," anatero. Kwa iwo mankhwala sanali kumutu, anali m'shafti. Kulemera kwa shafti ndi kumene kumalamulira kwambiri kulemera kwa ndodo yonse, pamene pa swingweight kumangogwedeza pang'ono: pamafunika magalamu pafupifupi asanu ndi anayi a shafti kuti pointi imodzi isunthe.

Funso lotsala linali la kutopa, chifukwa mipira ya pa bwalo la mpira si masewero athunthu. Anakazungulira mabowo onse ndi zachitsulo zitatu zimene ndinawabwereka, kunja kukutentha, ndipo anabwera akunena kuti bowo lomaliza anamenya ngati loyamba. Ndiye zawo zikhala zachitsulo. Ntchito yatsala yongofananitsa, popeza zikuchokera m'maseti osiyana. M'seti ya kufakitale ndodo iliyonse imafupika ndi theka la inchi, mutu n'kulemera ndi magalamu pafupifupi asanu ndi awiri, n'chifukwa chake zonse zimatuluka swingweight imodzi. Zathu zosakanizazi zinali kuyambira C9 mpaka D4. Zotsika ndazikweza ndi mtovu. Ya D4 inali yaitali mopitirira, ndipo kudula theka la inchi kwaibweretsa pa D1. Magiripi onse ndaika amtundu umodzi, kuti nkhani ya malegeni ija isabwerenso mwanjira ina.

Kumayambiriro kwa Novembala

Kumene zinthu zili lero. Za madala zatha, kupatula sand wedge imene ndaisiya dala pa D4. Ma wedge amakhala olemererapo kumutu ngakhale kufakitale, chifukwa sumenya ndi mphamvu zonse ndipo umafuna mutu udzigwera wokha mumchenga kapena m'udzu.

Za mtsikana zikuchedwa, ndipo chikuchedwetsa ndi mashafti. Mitu yabwino ilipo, koma yambiri ili pa zitsulo. Kusamutsa shafti ya graphite kuchoka pa mutu wina kupita pa wina n'kotheka, koma moto wosungunulira epoxy, guluu womatira mutu ku shafti, ukapitirira pang'ono umapsereza graphite m'kati mosaoneka, ndipo shafti yotero sindingaipereke kwa mwana. Palinso nkhani ya kukula kwa bowo la mutu lolowamo shafti: ma iron ena ndi a 0.355 inchi, ena a 0.370, ndipo sizilowerana popanda kukonza. Mitu yonse ndaiyeza n'kuilemba. Pa ya graphite imene ilipo kale, 9-iron yatheka: yatuluka magalamu 391, ndipo zidindo zakhala bwino pa C6, pointi imodzi pamwamba pa 7-iron. Ndaisiya pomwepo osaikakamiza kuti ifanane, chifukwa alipo okonza ndodo amene amakweza dala swingweight pang'onopang'ono ndodo zikamafupika, kuti mphamvu yozunguzira ikhale yofanana seti yonse.

Madala afunsa ngati sizingatheke kumupangira ndodo zonse zautali umodzi ngati za Bryson DeChambeau, amene anapambana mpikisano waukulu wa US Open mu 2020 ndi 2024 ndi ma iron ofanana kutalika. Maganizowo ndi abwino kwa wophunzira, koma amafuna mitu yolemera mofanana, ndipo mitu yathu ikusiyana ndi magalamu opitirira 30 kuchokera pa 5-iron kufika pa wedge. Kuwonjezera pa yopepuka n'kotheka, kupala yolemera ayi. Taisiya.

Chotsatira ndi wedge yake. Ya graphite palibe, kotero ndiyesa yachitsulo yopepukitsitsa imene ilipo, yodulidwa pa mainchi 34, ndi giripi ya magalamu 40 ngati zinzake. Ndikuyembekezera kuti idzalemera kuposa 9-iron ndi magalamu ochuluka kuposa mmene ndikanafunira, choncho ndidzayang'anitsitsa ngati kudumpha kumeneko kukumusokoneza akachoka pa ina kupita pa ina. Zikavuta, adikira shafti ya graphite ya 0.370 imene ndaitanitsa ku Blantyre. Ndalembanso msinkhu wake pa chitseko ndi m'buku, kuti tidzayezenso ikatha teremu yachiwiri. Akatalika, mashafti adzafunika kuwonjezera kumapeto, swingweight idzakwera yokha ndi mapointi atatu pa theka la inchi lililonse, ndipo mtovu wina udzayenera kuchoka.